Dontho Lofika Pamoto: Mbiri ya Kuyeza Madzi a Sprinkler

Zachariah Allen anali ndi fakitale ya nsalu kufupi ndi mzinda wa Providence, m'chigawo cha Rhode Island ku America. Anaimanga mu 1822, ndipo pomanga anaganizira za moto kuposa anzake: mizati ndi mitanda yochindikala yoti moto usaidye msanga, zitseko zolimba zolekanitsa zipinda, ndi pampu ya madzi yodikira tsoka. Atatero anapita kwa a inshuwalansi kukapempha kuti amutsitsireko ndalama zolipira pachaka, poti fakitale yake sinali pangozi ngati mafakitale enawo. Anamukanira. Kwa iwo fakitale ya nsalu inali fakitale ya nsalu basi, kaya mwini wake ndi wosamala kaya ndi wotayirira. Allen sanataye nthawi ndi mkangano. Mu 1835 anasonkhanitsa eni mafakitale ena osamala ngati iye, nayambitsa kampani yawoyawo ya inshuwalansi, momwe mamembala ankasonkherana okhaokha wina akapsa. Makampani otere atachuluka anadzatchedwa Factory Mutual, omwe pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti FM Global.

Nkhaniyi ndaiyambira pa munthu wa inshuwalansi, osati pa mmisiri wopanga zida, ndipo ndachita dala. Wopanga sprinkler, chida chozimitsa moto powaza madzi kuchokera kudenga, amakhutira akaona madzi akuwaza mokongola. Amene adzapise m'thumba nyumba ikapsa sakhutira ndi maso. Amafuna adziwe kuti madziwo ndi ochuluka bwanji, agwera pati, ndipo ndi gawo lanji lomwe lafikadi pa chinthu chimene chikuyakacho. Mafunso awiri oyambawo anayankhidwa msanga. Lachitatulo linatenga zaka pafupifupi 100 kuti anthu angodziwa kalifunsidwe kake.

Zida zoyamba zinalibe choyeza chilichonse. Nyumba ya zisudzo ya Theatre Royal ku Drury Lane mu London itapsa mu 1809, omanganso anaikamo makina omwe William Congreve analembetsa mu 1812: thanki yaikulu, paipi yochindikala yochokera pamenepo, ndi mapaipi ang'onoang'ono obooledwa timabowo oyenda m'nyumba monse. Ku America, injiniya James B. Francis anayamba kuika mapaipi obooka otere m'mafakitale a thonje a ku Lowell, Massachusetts, cha mu 1852. Thonje likamapotedwa limatulutsa fumbi la ulusi lomwe limakhala pamitanda, pamakina, paliponse. Onjezanipo mafuta a makina ndi nyali za gasi, ndiye kuti moto ukangoyamba wazungulira chipinda chonse munthu asanafuule. Mapaipi obookawo ankathandiza, koma ankadikira munthu woti akatsegule madzi, ndipo usiku munthuyo kulibe. Akatsegulidwa ankanyowetsa chipinda chonse, ngakhale mabelo a nsalu omwe moto sunawayandikire n'komwe. Timabowo nato tinkatsekeka ndi dzimbiri.

Henry Parmelee wa ku New Haven, Connecticut, anali mkulu wa fakitale ya mapiyano, malo odzaza matabwa ouma, guluu ndi vanishi. Mu 1874 analembetsa sprinkler yotseguka yokha, naiika m'fakitale yakeyo. Mtundu wake womwe unafala unali ndi chivundikiro cha mkuwa chomatidwa ndi chitsulo chosungunuka msanga. Kukatentha, chomatiracho chinkasungunuka, madzi n'kukankha chivundikiro n'kuyamba kuwaza. Maganizo aakulu anali pamenepa ndipo sanasinthe mpaka lero: sprinkler iliyonse imadziweruzira yokha, imatseguka yomwe yamva moto, zinzake zili chete. Zija za m'mafilimu zoti wina wayatsa machesi ndiye nyumba yonse yasanduka dziwe ndi zosangalatsa oonera chabe.

Koma ya Parmelee inkachedwa, chifukwa madzi a m'paipi ankakhudza chivundikirocho mkati n'kumachiziziritsa. Frederick Grinnell wa ku Providence, yemwe kampani yake inkapanga ndi kuika masprinkler a Parmelee, anakonza zimenezi mu 1881. Chomatira chija anachichotsa pafupi ndi madzi nachiika poyera pomwe mpweya wotentha ungachipeze msanga, ndipo kutsogolo kwa bowo lotulukira madzi kunali kambale kachitsulo ka mano m'mphepete. Madzi amatuluka ali pamodzi, amenya kambaleko, n'kumwazika. Pafupifupi zonse zomwe akatswiri akhala akuyeza kuchokera nthawi imeneyo ndi ntchito ya kambale kameneka.

Luso linawoloka nyanja mosachedwa, ndipo linatsatira thonje. Mu 1882 masprinkler a Parmelee analowa m'fakitale yopota thonje ku Bolton, ku England. Kampani ya Mather & Platt ya ku Manchester inatenga chilolezo chogulitsa a Grinnell kunja kwa America, ndipo mu 1885 John Wormald, wa inshuwalansi wa ku Manchester komweko, analemba malamulo oyamba a kaikidwe ka masprinkler. Ku France dzina la Grinnell linasanduka dzina la chidacho.

Malonda atakoma opanga anachuluka, aliyense akulumbira kuti yake ndiyo yeniyeni. A Factory Mutual anafuna umboni. Mu 1884 injiniya wawo C. J. H. Woodbury anasonkhanitsa mitundu yomwe inali pamsika naiyesa umodziumodzi, kuona kuti imatseguka msanga bwanji, imatulutsa madzi ochuluka bwanji, ndipo imawamwaza motani. Kenaka kunabwera John R. Freeman, yemwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 anayeza mosamala madzi otuluka m'mapaipi a ozimitsa moto ndi m'milomo yake, mpaka kusonyeza kuti mlomo wopangidwa bwino ungathe kugwira ntchito ngati mita ya madzi. Lamulo lake ndi lakale, la nthawi ya katswiri Torricelli: kuti madzi otuluka pabowo awirikize kawiri, pulesha iyenera kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake sprinkler iliyonse lero ili ndi nambala yotchedwa K. Yofala kwambiri, ya K80, imatulutsa malita 80 pa mphindi pulesha ikakhala bar imodzi, ndipo malita 160 pa mabar anayi. Mmisiri akadziwa K ndi pulesha, wadziwa madzi otuluka osagwira ndowa.

Kaikidwe kake nako kanali chipwirikiti. Mu 1895 anthu a inshuwalansi ndi opanga masprinkler atakumana ku Boston anapeza kuti m'dera la mamailosi 100 kuzungulira mzindawo munali malamulo 9 osiyana a kukula kwa mapaipi ndi kutalikirana kwa masprinkler. Mmisiri yemweyo ankalumikiza mwina m'tauni ino, mwina m'tauni yotsatira. Mu 1896 anagwirizana lamulo limodzi, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe la National Fire Protection Association. Lamulo lija ndi lomwe lero limatchedwa NFPA 13. Ku Chicago, William Henry Merrill anali atayambitsa kale mu 1894 malo oyesera zida omwe anadzakhala Underwriters Laboratories.

Tsono madzi akatuluka, agwera pati? Njira yoyezera ndi yosavuta moti mwana wa pulayimale angaimvetse. Mumatenga timabeseni ta ngodya zinayi, tofanana kukula, n'kutindandalika pansi togundizana. Pamwamba mumamangirira masprinkler monga momwe angakhalire m'nyumba, mumatsegula madzi pa pulesha yodziwika kwa mphindi zoikika, mumatseka, kenaka mumayeza madzi a m'kabeseni kalikonse. Ku Underwriters Laboratories muli mayeso otchuka awiri. M'amodzi masprinkler anayi amawazira timabeseni 16 toikidwa pakati pawo, kalikonse kotalika phazi limodzi mbali zonse, ndiye kuti masentimita pafupifupi 30. M'ena sprinkler imodzi imawazira timabeseni 10 toikidwa pamzere umodzi pa tebulo lozungulira pang'onopang'ono, kuti aone madzi akufika patali bwanji. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito timabeseni ta theka la mita. Woyesa amayenda ndi bolodi yake, kabeseni aka kadzaza, aka n'kouma pafupifupi, ndipo chodabwitsa choyamba kwa mlendo ndi chimenechi: madzi omwe m'maso amaoneka ogwa mofanana ponseponse, pansi amasiya malo ena osefukira ndi ena ongonyowa pang'ono. Timikono tiwiri tomwe timagwira kambale kaja timatchinga madzi, paipi nayo imatchinga, mano a kambale amagawa madzi m'mizere. Sprinkler imapambana mayeso ngati madzi onse pamodzi akwana, komanso ngati palibe kabeseni kotsala pansi pa mlingo woikika.

Zotsatira zimawerengedwa monga momwe a zanyengo amawerengera mvula, m'mamilimita. Lita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, ndiyo milimita imodzi. Lamulo la ku Ulaya la EN 12845 limafuna mamilimita 2.25 pa mphindi m'malo omwe ngozi ya moto ndi yochepa, ndi mamilimita 5 pa mphindi m'malo wamba monga masitolo ndi mafakitale ambiri. Nambalayi imaoneka yaing'ono mpaka muiwerengetse. Mamilimita 5 pa mphindi ndi mamilimita 300 pa ola. Lilongwe imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 900 chaka chonse, ndiye kuti pansi pa sprinkler wamba mvula ya dzinja lonse imagwa m'maola atatu.

Kwa zaka 70 masprinkler ankapangidwa kuti pafupifupi theka la madzi awo lipite m'mwamba, kukanyowetsa denga. Zinkamveka zanzeru. Mafakitale anali a matabwa, moto umakwera, ndiye denga liyenera kunyowa kuti lisayake. Madziwo akamenya denga ankagwanso pansi m'madontho aakuluakulu mosalongosoka, koma palibe amene ankadandaula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 akatswiri a Factory Mutual, m'nthawi yomwe Norman Thompson ankatsogolera kafukufuku wawo, anayesa kusintha kambale kuti madzi onse apite pansi ndi m'mbali, omwazika bwino m'timadontho tating'ono. Atayatsa moto weniweni n'kuyeza kutentha kwa kudenga anapeza zomwe maso sakanavomereza: denga louma linkatetezeka bwino kuposa lonyowetsedwa. Timadontho tija tinkaziziritsa mpweya wotentha usanafike kudenga, ndipo madzi ambiri ankafika pamoto womwe unali gwero la kutenthako. Sprinkler yatsopanoyi inatuluka cha mu 1953, ndipo mu 1955 NFPA 13 inaivomereza kukhala yokhazikika. Yakale ija inangotsala ndi dzina loti ya mtundu wakale.

Anthu anaganiza kuti nkhani yatha. Koma chaka chomwecho cha 1953, mu Ogasiti, fakitale yaikulu ya General Motors ku Livonia, Michigan, yomwe gawo lake laling'ono lokha ndi lomwe linali ndi masprinkler, inapsa yonse. Inali ya zitsulo, yoyesedwa yosapsa, koma phula la padenga linadyetsa moto ndipo zitsulo zinafooka n'kugwa. Ndipo nyumba zinali kusintha. Forklift itabwera, katundu anayamba kuunjikidwa pamapaleti m'mashelefu achitsulo otalika mamita 6, 8, 10. Pakati pa milu ya makatoni pamatsala timipata towongoka tomwe timakoka moto kuti ukwere mwaliwiro. Katunduyo naye sanalinso thonje ndi matabwa okha, koma pulasitiki, yomwe imatulutsa kutentha kochuluka kuposa pepala. Masprinkler omwe ankapambana mayeso a timabeseni anayamba kugonja m'nyumba zosungiramo katundu. Mu 1967 Factory Mutual inatsegula malo aakulu oyesera moto ku West Glocester, Rhode Island, komwe ankamanga mashelefu enieni n'kuwayatsa. Kuti mayeso a lero afanane ndi a mawa anakhazikitsa katundu wofanana nthawi zonse. Wotchuka kwambiri ndi makatoni odzaza makapu a pulasitiki opanda kanthu, kapu iliyonse m'kachipinda kake. Makapu osawerengeka apsa kumeneko osamweramo munthu.

Vuto linali dontho lenilenilo. Lita imodzi ya madzi ikatentha mpaka kusanduka nthunzi imameza kutentha kwa pafupifupi mamegajoule 2.6, ndipo nthunziyo imatenga malo oposa a madziwo ka 1,700. Dontho likachepa ndi theka, malo onse omwe madzi omwewo akukhudzana ndi mpweya amawirikiza kawiri, choncho timadontho tating'ono timaziziritsa msanga. Apa ndi pomwe panagona chipambano cha 1953. Koma dontho laling'ono limagwa pang'onopang'ono. La theka la milimita limagwa pa liwiro la mamita awiri pa sekondi, la milimita imodzi mamita anayi, la mamilimita awiri mamita oposa 6. Pamene mpweya wotentha wokwera pamwamba pa mashelefu oyaka ungapitirire mamita 10 pa sekondi. Dontho laling'ono likakumana nawo limabwezedwa m'mwamba, kapena kutayidwa kumbali, kapena kuuma lisanafike. Katswiri Cheng Yao ndi mnzake Kalelkar analemba za zimenezi mu 1970, ndipo mu 1974 P. H. Dundas anasonyeza kuti kukula kwa madontho kumatsatira lamulo: bowo likakula madontho amakula, pulesha ikakwera amachepa, moti kuiwirikiza ka 8 kumachepetsa dontho ndi theka. Ndiye kuti kuwonjezera pulesha, komwe aliyense angathamangire poganiza kuti akuthandiza, kumatha kupera madziwo kukhala ufa womwe moto ungouuluza. M'zaka za m'ma 1970 munatuluka sprinkler ya bowo lalikulu yopangidwira madontho aakulu, pafupifupi kubwerera komwe anachokera, koma tsopano akudziwa chifukwa chake.

Timabeseni sitinkanama. Tinkayankha funso lomwe tinafunsidwa, loti madzi amagwera pati m'chipinda chopanda moto. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo madzi a sprinkler nawo ali chimodzimodzi: owerengedwa ndi omwe afika. Yao ndi anzake anaika mfundoyi m'miyezo iwiri. Woyamba, RDD, ndi madzi omwe katundu woyakayo akufuna kuti moto ugonje. Amaupeza poyatsa mulu wa katundu pansi pa chumuni chachikulu chokoka utsi chomwe chimayeza kutentha kotuluka, kenaka n'kuthira madzi odziwika kuchuluka pamwamba penipeni pa muluwo, kuona ngati moto utsika. Wachiwiri, ADD, ndi madzi omwe sprinkler yakwanitsa kufikitsa pamenepo moto ulipo. Chida choyezera ADD ndi chochititsa chidwi: timabeseni tija tilipo, toikidwa monga pamwamba pa milu ya makatoni ndi m'timipata ta pakati pake, koma pakati pawo pali milomo yopopera mafuta a heptane oyaka, yotulutsa moto wa mphamvu yomwe woyesa wasankha. Sprinkler imawaza kuchokera kudenga, malawi akukankha kuchokera pansi, ndipo madzi omwe alowa m'timabeseni amatsika m'timapaipi kupita m'zotengera zoyezera. Mukakuza moto, madzi ofika amachepa mukuona.

Miyezo iwiriyi imayenda mosemphana. Moto ukamakula, madzi omwe ukufuna amachuluka, pamene madzi otha kuuboola amachepa. Pali kanthawi kochepa koyambirira pomwe ofika amaposa ofunika, ndipo sprinkler ikatseguka m'kanthawi kameneko imaupha moto. Ikachedwa, imangouzinga kuti usafalikire podikira ozimitsa moto. Choncho liwiro lotsegukira linafunika kuyezedwa nalonso. Zoti sprinkler imatseguka pa madigiri 68 sizinena kuti itenga masekondi angati kuti ifike pa madigiri amenewo. Mu 1976 Gunnar Heskestad ndi Herbert Smith a ku Factory Mutual anakonza mayeso oviika sprinkler mwadzidzidzi mu uvuni momwe mpweya wotentha ukuthamanga pa liwiro lodziwika, n'kuwerenga nthawi mpaka itseguke. Pamenepo panachokera nambala ya RTI: 50 kapena kuchepera ndi yachangu, 80 kapena kuposa ndi wamba. Mukayang'ana kudenga n'kuona kabotolo kagalasi ka madzi ofiira, kufiirako kukunena madigiri 68. A mtundu wa lalanje ndi 57, achikasu 79, obiriwira 93. Kunenepa kwa kabotoloko ndiko kukunena liwiro: ka mamilimita 5 n'kawamba, ka mamilimita 3 n'kachangu.

Zonsezi zitaphatikizidwa zinabala sprinkler ya ESFR, yomwe inavomerezedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: yotseguka msanga, ya bowo lalikulu, yokankha malita oposa 350 pa mphindi molunjika pansi ndi mphamvu. Mapaipi ndi mapampu ake amawerengetsedwa ngati masprinkler 12 okha ndi omwe adzatseguke, pamene kale m'nyumba zotere ankayembekezera kuti atseguka makumimakumi.

Mayeso a moto weniweni anaululanso khalidwe lina lomwe palibe kabeseni kakanaliona. Nthawi zina sprinkler yoyandikana ndi moto imakhala yotseka, pamene ina ya kutali yatseguka kale. Chimachitika n'chakuti timadontho ta sprinkler yoyamba, touluzidwa ndi mpweya wotentha woyenda pansi pa denga, timakanyowetsa kabotolo ka inzake n'kukaziziritsa. Ndi vuto la Parmelee lomwe lija, kungoti madzi akubwera kuchokera kunja. N'chifukwa chake malamulo amaletsa kuyandikizitsa masprinkler kuposa pafupifupi mamita awiri popanda chotchinga pakati.

M'nyumba zogonamo funso linali lina. Lipoti la America Burning la mu 1973 linakumbutsa dziko la America kuti anthu ambiri ofa ndi moto amafera kunyumba, osati kufakitale. M'chipinda chochezera moto umayambira pa sofa kapena makatani, ndipo zinthu zimenezi zimakhala m'mbali mwa khoma. Choncho sprinkler ya m'nyumba, yomwe yoyamba inavomerezedwa mu 1981, imayesedwa osati pansi pokha koma pakhoma: iyenera kunyowetsa khoma mpaka pamalo osapitirira masentimita 71 kuchokera kudenga. Panyanja zinthu zinatembenukanso. Pangano la Montreal la mu 1987 litaletsa pang'onopang'ono mpweya wozimitsira moto wa halon, ndipo sitima ya Scandinavian Star itapsa mu 1990 n'kupha anthu 159, makampani monga Marioff ya ku Finland anapititsa patsogolo zida zopopera nkhungu ya madzi pa pulesha yaikulu. M'chipinda chotsekeka cha sitima timadontho tosaoneka bwino ndi maso timagwira ntchito, chifukwa tikasanduka nthunzi timalanda malo a mpweya womwe moto umapuma. Lamulo la NFPA 750 la mu 1996 limatanthauzira nkhungu imeneyi ndi muyezo wa dontho: pafupifupi madzi onse akhale m'madontho osafika milimita imodzi. Palibe dontho labwino ponseponse.

Nanga dontho lili m'malere mumaliyeza bwanji? Sprinkler ya malita 80 pa mphindi, madontho ake onse atakhala a milimita imodzi, ingatulutse oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Oyamba kulimbana ndi funso lotere anali ofufuza za mvula. Mu 1904 mlimi wina wa ku Vermont, Wilson Bentley, anafalitsa njira yake yotchera madontho a mvula m'mbale ya ufa wa tirigu. Dontho lililonse linkaumba kambulu komwe akaumitsa ankakayeza. Chida chomwe chinatsegula njira pa masprinkler nacho chinachokera kumitambo. Robert Knollenberg anachipanga cha mu 1970 kuti chizimangiriridwa pa ndege: kuwala kwa laser kumagwera pa mzere wa timaso tamagetsi, dontho likadutsa limachita mthunzi, ndipo chiwerengero cha timaso tomwe tadetsedwa chimanena kukula kwake. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a Factory Mutual anachiika pansi pa masprinkler. Mu 1994 T. S. Chan anasonyeza kuti kagawidwe ka madontho aakulu ndi aang'ono kangalembedwe bwino pophatikiza masamu awiri, ena mwa iwo omwe Rosin ndi Rammler anakonzera fumbi la malasha ku Germany mu 1933.

Kenaka panabwera zida zakuthwa kwambiri. China chimapingasitsa mizere iwiri ya laser pa kadanga kochepa kwambiri; dontho likadutsapo limanyezimira, ndipo kunyezimirako kumanena kukula ndi liwiro lake nthawi imodzi. John Widmann wa ku bungwe la NIST anachigwiritsa ntchito pa masprinkler cha mu 2001. Kuipa kwake n'kwakuti chimaona malo amodzi aang'ono pa nthawi, ndipo chimaganiza kuti dontho lililonse ndi lobulungira, pamene aakulu amaphwatalala ndi kugwedera akamagwa. Njira ina imang'anipitsa laser kawiri motsatizana kwambiri, kamera n'kujambula zithunzi ziwiri, kompyuta n'kuwerenga kuti madontho asuntha mtunda wanji. David Sheppard, pa maphunziro ake ku Northwestern University omwe anatha mu 2002, anayeza chotere mitundu yambiri ya masprinkler pafupi ndi kambale penipeni, napeza kuti liwiro ndi kuchuluka kwa madzi zimasintha kwambiri mukangozungulira pang'ono. Gulu la André Marshall ku University of Maryland linapitiriza, kujambula mithunzi ya madontho mozungulira sprinkler yonse. Zithunzi zawo zimaonetsa bwino kabadwe ka dontho. Madzi akamenya kambale amayala chinsalu chopyapyala, china choyenda pamwamba pa mano, china chotsika m'mipata ya pakati pa mano. Chinsalucho chimayamba kuchita mafunde, chimang'ambika kukhala timaulusi, timaulusi n'kuduka kukhala madontho, zonsezi pa mtunda wa masentimita owerengeka. Madontho ochokera pamano ndi ochokera m'mipata sakhala ofanana kukula, ndipo sapita mbali imodzi.

Khama lonseli lili ndi kasitomala wake, kompyuta. Kuyatsa mashelefu enieni odzaza katundu kumadya ndalama zambiri, ndipo nyumba iliyonse yatsopano imabwera ndi kutalika kwina ndi katundu wina. Mu 2000 bungwe la NIST linatulutsa pulogalamu ya Fire Dynamics Simulator, yomwe Kevin McGrattan anatsogolera, ndipo FM Global inadzakonza yakeyake yotchedwa FireFOAM. Mapulogalamuwa amatsatira madontho mkati mwa utsi ndi malawi, koma ayenera kuuzidwa poyambira: madontho akuchoka pa kambale ali aakulu bwanji, pa liwiro lanji, kulowera kuti. Mukawapatsa zongoganizira amakupatsani chithunzi chokongola cha moto womwe kulibe. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anthu a inshuwalansi asunga khalidwe lawo lakale, ndipo achita bwino. Kompyuta imathandiza kusankha mayeso oyenera kuchita ndi kuchepetsa chiwerengero chake, koma sprinkler yatsopano yosungira katundu wautali sivomerezedwa isanadutse pa timabeseni ndi pamoto weniweni.

Zoyezedwa ku West Glocester ndi ku Maryland zimagwira ntchito pokhapokha madzi atapatsidwa mpata woti amwazike. N'chifukwa chake NFPA 13 imafuna kuti pakati pa kambale ndi katundu wapamwamba pakhale mpata wa masentimita osachepera 45, ndipo pa ESFR pafupifupi masentimita 90. Nyali, paipi ya mpweya kapena chikwangwani chopachikidwa pansi pa sprinkler chimasintha mawazidwe onse aja. Sprinkler yopakidwa penti saichapa, amaichotsa n'kuika ina, poti penti imachedwetsa kabotolo ndi kutseka mipata ya mano. Ukalamba nawo umayezedwa. Mu 2001 ku America kunalengezedwa kusintha masprinkler okwana 35 miliyoni a kampani ya Central Sprinkler, chifukwa kamphira kotsekera madzi kankatha kumatirira moti sprinkler osatseguka pa pulesha yomwe inalipo. Lamulo la NFPA 25 limati masprinkler wamba akakwana zaka 50 ali kudenga, mwini nyumba achotseko imodzi pa 100 aliwonse, koma osachepera anayi, n'kuwatumiza kokayesedwa, ndipo azibwereza zaka 10 zilizonse. Kumeneko amaviikidwa mu uvuni wa mtundu wa Heskestad uja, wotchi ikuwerenga. Imodzi yokha ikalephera, onse omwe inkaimira amachotsedwa.